Mwala Umene Ndinakhalira ku Chisenga

Amuna anga anali munthu wabwino, koma anali ndi nthenda imodzi: ankakonda ndere. Sindikunena ndere zobiriwira za m'madzi zimene zimagwetsa anthu padooko ayi. Ndikunena timawanga touma timene timamera pamiyala ndi pamakungwa a mitengo, tina totuwa, tina tachikasu, timene munthu wa nzeru zake amangopondapo n'kumapita. Amuna a anzanga ankakonda mowa, ena bawo, ena akazi a eni. Anga ankagwada pamwala, kagalasi kali padiso, thalauza ikutha m'mawondo. Nthawi zina ndinkalakalaka akanamamwa mowa, chifukwa mwamuna woledzera anthu amamumvetsa, ndipo mkazi wake amamumvera chisoni m'malo momuseka.

Nthendayi anakaitenga ku kosi ya aphunzitsi tchuthi china. Kumeneko kunabwera mphunzitsi wamkulu wa zomera wochokera ku Zomba, amene anawauza kuti dziko lino lili ndi ndere zambirimbiri zosadziwika, ndipo iye yekha sangathe kukwera mapiri onse. Anapempha kuti aliyense aziyang'ana kumene akukhala, akaona kandere kachilendo azipalako pang'ono, kuika m'bokosi la machesi n'kumutumizira pa positi, atalemba kumene wakapeza. Anagawa timagalasi tokuza zinthu. Aphunzitsi ena onse anakapatsa ana awo kuti aziotchera mapepala padzuwa. Anga okha ndi amene anaumva uthengawo ngati wa kutchalitchi. Kuyambira pamenepo m'nyumba mwanga simunapezekenso bokosi la machesi lathunthu. Ndikagula lero, mawa machesiwo ndinkawapeza atakhuthulidwira m'sosala, bokosi lapita ku Zomba.

Nthawi imeneyo tinali ku Chisenga, m'boma la Chitipa, m'munsi mwa mapiri a Mafinga, kumene boma linawatumiza kukaphunzitsa. Ine kwathu ndi ku Mulanje. Amene sanayendepo ulendo umenewo masiku amenewo asandiuze za kutali. Unkakwera basi, kugona padepoti, kukweranso ina, kugonanso, kenako lole, ndipo pofika unali utaiwala chimene unanyamukira. Anthu a ku Chisenga sanandilakwire kanthu. Ankandipatsa nyemba, nthochi ndi mawere, anandiphunzitsa kuthokoza ndi kulonjera m'Chitumbuka kuti "yewo" ndi "mwawuka uli", ndipo ndikalakwitsa ankaseka mopanda chipongwe. Koma amayi anga anali kukalamba okha ku Mulanje, ndipo mwana wanga wachiwiri anali asanamunyamulepo. Ndinkafuna kubwerera kum'mwera. Ndinkafuna m'mawa, ndinkafuna madzulo, ndinkafuna ndili pamtondo. Chaka ndi chaka amuna anga ankapempha kuti atisamutse, ndipo chaka ndi chaka kuofesi kunkangokhala zii.

Kuseri kwa sukulu, m'mbali mwa njira yopita kuchitsime, panali mwala wosalala pamwamba, wofika m'mawondo. Tsiku lina amuna anga anabwera akuthamanga ngati nyumba yapsa, n'kundikoka dzanja ndili ndi ufa m'manja.

"Mayi, tabwerani mudzaone! Izi simunazionepo."

Ndinapita, ndinawerama. Pamwamba pa mwalawo panali kawanga kotuwa kosaposa chikhadabo cha chala chaching'ono.

"Bambo, ichi n'chipere," ndinatero. "Mwala wadwala chipere, ndiye mwandisiyitsa ntchito?"

Anandipatsa kagalasi kaja. Ndinayang'ana, ndipo ndinaona timbale ting'onoting'ono tofiira, toyalidwa bwinobwino, kalikonse ndi mkombero wake. Kanali kokongola, koma sindinawauze. Mwamuna wotero ukamuyamikira kamodzi, mawa amabweretsa mwalawo kuchipinda.

Anapalako kachidutswa kochepa ngati njere ya mawere n'kutumiza. Patapita miyezi yankho linabwera. Mkulu wa ku Zomba uja anati kameneko asakakhudzenso, abwera yekha kudzakaona mvula ikatha. Kumapeto anawonjezera kuti anthu a maso ngati amenewa ndi amene akusowa ku Zomba. Amuna anga anawerenga mokweza, koma ine zonsezo ndinangomvapo mawu amodzi. Zomba! Ukaima ku Zomba kunja kukayera, phiri la kwathu umaliona ndi maso.

"Mayi, sananene kuti anditenga," amuna anga anandichenjeza.

"Inu simudziwa kumva anthu akuluakulu," ndinawayankha. "Munthu wamkulu sanena kuti ndikutenga. Amangotsokomola, wanzeru n'kumanga katundu."

Kuyambira tsiku limenelo palibe amene anakonda kandere kaja kuposa ine. Mbuzi ikayandikira mwalawo inkalandira chibuma. Ana a sukulu ofuna kudyerapo chinangwa ndinkawathamangitsa mpaka kubwalo la mpira. Azimayi anzanga ankati nthenda ya aphunzitsi ndi yopatsirana, yafika kwa mayi. Ine ndinkangowasiya, m'mutu ndikuwerengera kale kuti mphika uti nditenga, uti ndisiyira aneba.

Kulakwa kunayambira pa ulemu. Masiku amenewo mlendo sankangofika ngati mvula. Amuna anga anauza ahedi, bambo wamtali wa ku Dowa amene ankayankhula ngati nthawi zonse ali pa asembule. Ahedi anauza atcheya a chipani, mlimi wa komweko wokonda jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Atcheya anauza dera lonse. Pomwe nkhaniyi imabwerera kwa ine kuchitsime, munthu wa ndere uja anali atasanduka bwana wamkulu wa boma wodzayendera chitukuko cha Chisenga.

Ndipo bwana akamabwera panali mwambo wake, umene aliyense wa msinkhu wanga akuudziwa. Kusesa, kutchetcha, kenako laimu. Chilichonse chosayenda chinkapakidwa laimu: miyala ya m'mbali mwa msewu, mitengo kufika m'chiuno, zitsa, njerwa zozungulira maluwa, ngakhale chulu chikakhala pafupi ndi njira. Galu wokonda tulo ankadzuka ali woyera. Palibe amene ankafunsa kuti n'chifukwa chiyani. Kuyera kunali ulemu, ndipo ulemu ndi umene unkasunga munthu pantchito.

Pamsonkhano wokonzekera, amuna anga anaimirira, zipewa zili m'manja mwa onse, n'kupempha modzichepetsa kuti mwala umodzi wokha wa kuseri kwa sukulu usapakidwe. Zimene zinatsatira anandiuza okha madzulo ake.

"Aphunzitsi," anatero ahedi, "mlendoyu akubwera kudzaona chiyani?"

"Mwala womwewo, ahedi."

"Ndiye mukuti miyala yonse iyere, koma umene mlendo akudzauona ukhale wakuda? Mukuganiza bwino? Umenewo ndiye tiyamba taukwecha ndi mchenga, kenako tiupaka kawiri."

"Enya, kawiri," anavomereza atcheya. "Bwana asazapeze libwe la Chisenga lili na mphere."

Amuna anga anayesa kufotokoza kuti mphere za pamwalazo ndi zimene bwanayo akudzera. Atcheya anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa mofatsa, akuwatchula kuti aphunzitsi m'Chitumbuka, "Kapena asambizgi sakufuna chitukuko?"

Achinyamata a lero sangamvetse kulemera kwa funso limenelo. Munthu ankatha kusowa pamudzi chifukwa choliyankha molakwika. Amuna anga sanali amantha, koma anali ndi ana awiri ndi mkazi woyembekezera. Anakhala pansi. Kunyumba anafika ali khuma, chakudya anangochilawa, kenako anatenga kagalasi kawo n'kupita kuseri kwa sukulu ngati munthu wokatsanzikana ndi wodwala. Ndinawamvera chisoni, koma kunena zoona ndinadzimvera chisoni kwambiri ine mwini. Iwo ankataya kawanga. Ine ndinkataya Zomba. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Laimu anachedwa kufika kuchokera ku Boma, choncho kupaka kunachitika m'mawa wa tsiku lenilenilo. Amuna anga anaikidwa kumsewu kuti aziimbitsa ana nyimbo zolandirira mlendo, ndipo ananyamuka m'mamawa osatembenukira n'komwe kumene kunali mwala. Azimayi tonse tinalamulidwa kuvala nsalu ya chipani, ija yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri wa dziko. Ndinavala yanga, mimba ili patsogolo chifukwa inali itakula ndithu, ndinatenga ndowa ngati ndikupita kuchitsime, ndipo nditafika pamwala paja ndinakhalapo. Ndinasamala kwambiri kuti nkhope ija ikhale pamawondo, chifukwa kuikhalira ukanakhala mlandu woposa wa mwala.

Posakhalitsa anafika anyamata a chipani a malaya ofiira, atanyamula ndowa za laimu, mchenga ndi maburashi a khonje. Anali atayeretsa kale njira yonse, ndipo okha anali mbuu mpaka m'nsidze.

"Odi mama," anatero wamkulu wawo, "wukani pachoko tipake libwe."

"Ndamva chizungulire, mwananga. Ndipume kaye."

Anadikira. Ine ndinapitiriza kupuma. Atatopa anakaitana atcheya, amene anabwera mofulumira, jekete ikuuluka.

"Mama, chonde, khalani pa libwe linyake."

"Uti, atcheya? Yonse mwapaka kale. Mukufuna ndikakhale pa laimu ndi nsalu iyi?" Ndinaloza pamawondo panga.

Atcheya anayang'ana nkhope ija, nkhopeyo inawayang'ananso. Ndinaona mutu wawo ukugwira ntchito. Kundikankha kunali kukankha nsalu, kundithira laimu kunali kuthira nkhope. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Potsiriza anauza anyamata awiri kuti andigwire bwinobwino m'manja, andinyamule mwaulemu, akandiike pa udzu.

Apo ndiye ndinagwira msana n'kubuula. Sindinabuule pang'ono ayi. Ndinabuula monga ndinabuulira pa mwana woyamba, ndipo ndinawonjezera zina zimene nthawi imeneyo ndinaiwala. Ku Chisenga, monga kwathu, mwamuna saima pamene mkazi wayamba matenda a uchembere. Anyamata aja anabalalika ngati nkhuku zaona kabawi. Wina anagwetsa burashi, wina anapunthwa pa ndowa ya mnzake. Atcheya sanathamange, poti ndi atcheya, koma anayenda mwa ndawala yomwe sindinawaonepo nayo.

Azimayi anakhamukira pamenepo, n'kundizinga ndi zitenje. Anaitana azamba a m'mudzimo, mayi wamfupi wokonda fodya wa pamphuno, amene pakamwa pake sipankaopa munthu. Anagwada, anandigwiragwira pamimba, anamvetsera, kenako anandiyang'ana m'maso n'kuyandikira kukhutu kwanga.

"Iwe, mwana uyu sanaganizeko n'komwe zobwera. Ukubisa vichi pasi apa?"

"Ulendo wanga wa kwathu, mayi," ndinanong'ona.

Sanamvetse, ndipo sanafunsenso. Ndikuganiza kuti anangokondwa ndi bodza lokonzedwa bwino. Anaimirira, anafwenthera fodya, n'kulengeza mokweza kuti amuna amve komwe anabisala: "Asasunthe uyu! Mukamusuntha, chikachitika, ine mulibemo!"

Ahedi anakuwa ali kuseri kwa mtengo wa mango, nkhope atalozetsa kwina. "Nanga mwalawo?"

Amene anathetsa nkhaniyi anali mkulu wa amayi a chipani, mayi wosakonda kutaya nthawi. Anati bwana amaona zimene zikuoneka, ndiye tipake zimene zikuoneka. Azimayi anatola maburashi aja n'kuyamba kupaka mondizungulira. Anapaka m'mbali monse, anapaka pamwamba kufika pafupi ndi ine, akuyendetsa burashi mosamala potsata mmene ndinakhalira, kuopa kuti dontho lingagwere pa nkhope. Anapakadi kawiri monga ananenera ahedi. Atatha anandisiya pamenepo ndi azamba, iwo n'kupita kumsewu kukavina.

Ndinkaganiza kuti chovuta chatha, osadziwa kuti chinali chikuyamba kumene. Kudzuka sindikanatha, chifukwa mmodzi wa anyamata aja anamusiya chapatali ndi ndowa, kuti mama akangopeza bwino amalize pamwamba. Mlendo anati afika m'mawa. M'mawa unadutsa. Mphepo ya ku Mafinga inandilowa m'mafupa, mwala ukuzizira ngati wandikwiyira. Kenako dzuwa linakwera n'kuyamba kundiwamba pamutu. Nyerere zinapeza njira yokwerera m'miyendo. Miyendo inachita dzanzi, kenako inangofa. Koma zonsezi zinali zazing'ono. Mayi aliyense amene anakhalapo ndi pakati akudziwa kuti mwana akakula amasandutsa chikhodzodzo cha mayi wake mpira, ndipo wanga tsiku limenelo anali pa masewero aakulu. Azamba ankangondiyang'ana, akutafuna nzimbe.

"Kwanuko kuyenera kuti n'kwabwino chomene," anatero.

Dzuwa litapendeka ndinamva kulira kwa landirova, kenako nyimbo ndi nthungululu. Ndinathokoza Mulungu msanga. Ndinaiwala kuti mlendo asanaone chimene wadzera amayenera kumva kaye zolankhula. Anapemphera mkulu wa mpingo, ndipo anapempherera aliyense kuyambira mtsogoleri wa dziko mpaka mbewu za m'munda. Analankhula ahedi. Analankhula atcheya m'Chichewa, kenako anabwereza zomwezo m'Chitumbuka. Ana anaimba. Azimayi anavina. Anapereka mphatso, ndipo ndinamva tambala akudandaula. Zonsezi ndinkazimvera kuseri kwa sukulu, mano nditaluma, ndikutukwana chamumtima ndere zonse za m'dziko lino ndi amene anazitulukira.

Potsiriza gulu linatulukira pangodya ya kalasi. Patsogolo panali bambo woonda wa imvi, wovala kabudula ndi masitokeni aatali, wosaoneka ubwana ngakhale pang'ono. Ankayang'ana miyala yoyera ndi mitengo yoyera ija ngati munthu amene wafika pamaliro mochedwa.

"Bwana, tayeretsa zonse," anatero ahedi monyadira.

"Ndaona," anayankha bamboyo ndi mawu otsika.

Pambali pake panali amuna anga, mutu uli pansi. Iwo anali kumsewu tsiku lonse, ndipo palibe anawauza kanthu, chifukwa nkhani ya uchembere sauza mwamuna pagulu. Ankadziwa kuti akukaonetsa mlendo manda. Atadzutsa maso n'kundiona, anaima chilili.

"Mayi, mukutani apa?"

"Ndikukusungirani Zomba. Ndigwireni dzanja, miyendo yafa."

Anandikoka, azamba akukankha kumbuyo, ndipo ndinadzuka. Mwala wonse unali mbee, kuwala padzuwa. Koma pamwamba pake panatsala malo akuda, ozungulira mbali ziwiri, ojambulika bwino moti ngakhale mwana wa sitandade wani akanadziwa kuti n'chithunzi cha chiyani. Mpaka tsiku limenelo sindinkadziwa kuti ndine wotambalala chotero. Pakatikati pa chithunzicho panali kawanga kaja, kali bwinobwino.

Mlendo uja anatulutsa kagalasi m'thumba, anagwada, n'kuika mphuno pomwepo. Atcheya anayang'ana uku ndi uku, ndipo anaona kuti bwana wagwada iwo ali chiimire, chinthu chosayenera. Anagwada nawo. Ahedi ataona atcheya agwada, anapinda miyendo yawo yaitali ija. Mkulu wa mpingo anatsatira, kenako aphunzitsi, kenako anyamata a malaya ofiira. Amuna onse a ku Chisenga anagwada mozungulira chithunzi cha kumbuyo kwanga, ali chete ngati pa mgonero. Azamba anayesa kudzigwira, analephera, anaseka mpaka anakhala pansi.

Ine zotsatira sindinazione. Miyendo itangodzuka ndinalunjika kuchimbudzi cha sukulu, ndipo anthu amati sanaonepo mayi wodwala uchembere akuthamanga chotero.

Ndili komweko ndinamva kuomba m'manja ndi nthungululu zamphamvu. Ndinati basi, yatheka, Zomba ija ndi imeneyi. Ndinabwerera ndikumwetulira, ndikukonza nsalu. Azimayi anandithamangira, kundikumbatira, ena akuvina mondizungulira.

"Mwapambana mama!" anatero mkulu wa amayi uja. "Bwana wati asambizgi asachoke kuno!"

Ndinaganiza kuti Chichewa chamuvuta. Koma mlendo mwini anabwera, anandigwira dzanja ndi manja ake awiri, maso akuwala ngati mwana. Anati kandere aka sanakaonepo kwina kulikonse kumene anayenda. Anati kamakula pang'onopang'ono, mwina ngati kunenepa kwa ulusi pachaka, ndiye pakufunika munthu wokhala pompano woti azikayang'anira, kukayeza ndi kufufuza ngati kali ndi anzake m'mapirimu. Munthu woteroyo wapezeka. Iye akabwerera akalankhula ndi akuluakulu a zamaphunziro kuti mphunzitsi ameneyu asamusunthe.

"Amayi, mwachita chinthu chachikulu," anatero. "Popanda inu ulendo wanga wonse ukanapita pachabe."

Anthu anaombanso m'manja. Masiku amenewo anthu akamaomba m'manja nawenso unkaomba. Ndinaomba, misozi ikutsika, ndipo onse anati taonani mmene akondwerera mayi wa aphunzitsi. Azamba okha ndi amene sanaombe. Anandiyang'ana, anapukusa mutu, n'kundipatsa nzimbe yotsala.

Pempho lathu losamuka linakhala zaka osayankhidwa, koma mawu a bambo wa kabudula uja anamveka msanga. Tinakhala.

Ndinakwiya, ndipo sindibisa. Ndinakhala masiku osalankhula ndi amuna anga. Ndiwo ndinkathira mchere mwina wambiri mwina osathira n'komwe, iwo n'kumadya osadandaula, zimene zinkandikwiyitsa kwambiri. Chimene chinkandiwawa n'chakuti ndinalibe womuloza chala. Palibe anandituma kukhala pamwala paja. Akanaupaka laimu, mlendo akanabwerera wokhumudwa, ndipo mwina chaka chotsatira tikanasamuka ngati anthu ena onse.

Madzulo ena ndikusankha nyemba pakhonde, amuna anga anabwera n'kukhala pambali panga, mpeni wawo wopalira ndere uli m'manja.

"Mayi," anatero, "ndikhoza kukakapala. Ndi kamodzi kokha, kwatha. Ndidzalemba kuti kafa. Popanda kameneko alibe chifukwa chotisungira kuno."

Ndinawayang'ana. Ankanena zoona, akanachitadi. Akanachita chifukwa cha ine. Munthu amene sankapha ngakhale nyerere yolowa m'shuga. Mkwiyo wanga wonse unasowa pogwira.

"Mukakakhudza ndikuthyolani dzanja limenelo," ndinatero. "Ndinakakhalira tsiku lathunthu. Bweretsani mpeniwo ndisendere mbatata."

Mwana uja anabadwa nthawi yake itakwana, m'manja mwa azamba omwe aja, amene pakati pa zowawa zanga anandifunsa ngati ulendo uno ndi zenizeni. Amayi anga anawaona ana onse atatu kamodzi kokha, tchuthi china chimene tinakwanitsa ulendo. Atamwalira uthenga unachedwa, ndipo ndinakafika ataikidwa kale. Chimenechi chimandipwetekabe mpaka lero, ndipo palibe ndere imene ingachichotse.

Alendo a boma sanasiye kubwera, ndipo laimu sanasiye kufika. Nthawi iliyonse ndinkavala nsalu yanga n'kupita kukakhala pamwala paja. Kubuula sikunafunikenso. Unasanduka mwambo wa pasukulupo, moti anyamata a chipani ankayamba adzera kunyumba: "Mama, laimu wafika, tiyeni mukakhale." Ahedi atsopano akafunsa chifukwa chake, ankawauza kuti ndi mmene timachitira kuno. Amuna anga ankayeza kawanga kawo chaka ndi chaka, ndipo kanakula kuchoka pa chikhadabo cha chala chaching'ono kufika pa cha chala chachikulu. Anapezanso tina titatu kapena tinayi m'mapiri, ndipo tsiku lililonse lotero linali ngati Khirisimasi.

Atapuma pantchito, boma linati litumiza lole yotinyamula ndi katundu wathu yense kupita kumudzi, monga linkachitira ndi antchito ake. Amuna anga anabwera ndi nkhaniyi akumwetulira, imvi zili mbuu, ngati munthu amene wabweza chinthu chimene anabwereka kalekale.

"Mayi, lole ikubwera. Ulendo uno palibe wotiletsa. Tiyeni kwanu."

Ndinayang'ana mapiri a Mafinga, ndinayang'ana njira ya kuchitsime. Ndinaganiza za Mulanje, ndipo ndinapeza kuti phiri lilipo, koma amene ndinkamuthamangira kulibe.

"Mwaganiza bwino, bambo," ndinatero. "Nanga laimu akafika, pamwala paja pazikhala ndani?"